Tisamukire kuti? Lendi yotsika isakunamizeni

FUNSO: Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ine ndi amuna anga tatopa ndi kukwera kwa lendi mumzinda waukulu umene takhalamo zaka 9. Ntchito yathu ndi yosoka zovala, choncho tikhoza kuigwira kulikonse kumene kuli anthu. Amuna anga akufuna tisamukire m'tauni ina yaing'ono chifukwa anamva kuti nyumba n'zotchipa kumeneko, koma ine mtima sukukhazikika popeza sitinafikeko n'komwe. Kodi munthu amadziwa bwanji kuti malo ndi otchipadi komanso abwino kukhalamo? Ndine Mayi wa nkhawa.

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo mwachita bwino kufunsa katundu asanamangidwe. Bambo akunyumba sakulakwa kufuna kupepukitsa mtolo wa lendi, kungoti lendi ndi mbali imodzi yokha ya ndalama zimene malo amadya.

Alangizi ambiri a zachuma amati lendi isapitirire 30 peresenti ya ndalama zimene banja limapeza pamwezi. Muyezowu unachokera ku malamulo a nyumba za boma ku United States, kumene unayamba uli 25 peresenti mu 1969 n'kukwezedwa kufika pa 30 mu 1981. Chofunika kuona n'chakuti muyezowu umayerekeza lendi ndi zimene mukupeza, ndipo kwa inu atelala zimene mukupeza zimadalira makasitomala. Nthawi zambiri nyumba zimatchipa kumene ndalama sizizungulira kwenikweni. Tiyerekeze kuti panopa pa 100 iliyonse imene mumapeza, 40 imapita ku lendi ndipo mumatsala ndi 60. Mukasamuka lendi n'kutsika kufika pa 20, koma osoketsa n'kuchepa moti mukungopeza 50, ndiye kuti lendi ikudyabe 40 peresenti ya ndalama zanu, pamene m'thumba mwatsala 30 yokha. Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwira njakata, chifukwa anawerengera zotuluka n'kuiwala zolowa. Choncho musanasankhe, fufuzani kuti atelala alipo angati kumeneko, amalipiritsa bwanji, komanso ngati kuli masukulu ndi maofesi amene amasoketsa mayunifolomu chaka ndi chaka.

Kenako werengerani mayendedwe. Ngati nsalu, ulusi, mazipi ndi zipangizo za mashini muzidzabwerera kumzinda waukulu kukagula, ndalama ya thiransipoti imeneyo iikeni pamodzi ndi lendi. Nthawi nayonso ndi chuma: munthu amene amayenda ola limodzi popita kuntchito ndi ola lina pobwerera, masiku 5 pasabata kwa masabata 48, amathera maola 480 pamsewu, omwe ndi masiku 20 athunthu pachaka. Nyumba yotchipa ya kumapeto kwa tauni, kutali ndi msika ndi sukulu, imakhala yodula mwa njira imeneyi.

Nkhani ya madzi ndi magetsi ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa mmene anthu amaiganizira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu amafunika malita 50 mpaka 100 a madzi patsiku kuti amwe, aphikire, asambe ndi kuchapa mokwanira. Kwa banja lanu la anthu anayi, amenewo ndi malita osachepera 200, kapena kuti zigubu 10 za malita 20 tsiku lililonse. Ngati mipopi imauma kawirikawiri, zigubu zimenezo adzasenze ndi inu, kapena mudzalipire wina, ndipo mashini adzakhala atangoima.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti mupiteko nonse awiri, mukagoneko masiku atatu kapena anayi, ndipo ngati n'kotheka mupite nthawi ya mvula, pamene malo amaonetsa khalidwe lake lenileni. Mukayang'ane m'munsi mwa makoma ngati muli mzere wa matope wosonyeza pamene madzi osefukira anafika, ndipo mukanunkhize m'zipinda ngati muli chinyontho, chifukwa penti watsopano amabisa zambiri. Mukatsegule mpopi m'mamawa, nthawi imene aliyense akutunga. Mukaime pageti la sukulu ana akuweruka, muone kuchuluka kwawo ndi msewu umene amawoloka. Mukayendenso madzulo kukada kuti muone ngati amayi ndi ana akuyenda momasuka, popeza chimenechi chimanena zambiri za chitetezo kuposa mawu a munthu aliyense. Safunsa anadya phula, koma posankha wofunsa musadalire eni nyumba kapena ajenti, amene phindu lawo lili pa kusaina kwanu. Funsani wochita lendi mnzanu, wogulitsa pamsika, kapena namwino, makamaka za mtunda wokafika kuchipatala usiku mwana akadwala mwadzidzidzi.

Kusangalatsa kwa malo kumasiyana malinga ndi munthu. Ena amafuna bata, ena amasungulumwa kumene kulibe phokoso. Nyengo ndiye mukhoza kuidziwiratu, pakuti kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene malo akwera. Musaiwalenso kutalikirana ndi achibale, chifukwa amene amakugwirirani ana mukapanikizika ndi ntchito mukuwasiya kumbuyo, ndipo kupeza ena otero kumatenga nthawi.

Mukakhutira, musathamangire kugula malo kapena kumanga. Chitani lendi chaka chathunthu kuti muone nyengo zonse, pangano likhale lolembedwa, ndipo munyamuke muli ndi ndalama zokwanira kukusungani miyezi itatu pamene makasitomala atsopano akukuzolowerani. Ngati bambo angavomere, mmodzi wa inu atsogole ndi mashini amodzi kwa mwezi umodzi kapena iwiri, winayo apitirize kusoka kumene muli, kuti ana adzasamuke teremu itatha.