Musalipire munthu, ya boma ilipo

Achemwali, ndalama yoti mulipirire mwana sukulu ya pa intanetiyo musatulutse. Poti muli mu Florida momuno, mwana wa giredi 8 amene mukumuphunzitsira pakhomoyo mulembetseni ku Florida Virtual School (FLVS), sukulu ya pa intaneti. Ndi ya boma, ilipo kuyambira 1997, ndipo kwa ife okhala kuno ndi yaulere.

Ife tinapsa ndi kasukulu kena kolipira ka pa intaneti. Anatikokera kumeneko ndi bambo wina wa kutchalitchi, osatiuza kuti pa mwana aliyense amene wabweretsa iye amadyapo. Mwezi ndi mwezi ndalama ikupita, mwana akungodina mavidiyo, lipoti likubwera ma A okhaokha. Tsiku lokamulembetsa ku high school, mayi wa mu ofesi anatembenuza pepala lija uku ndi uku, nkufunsa kuti sukulu imeneyi anaivomereza ndani. Ife kukamwa yasa. Akuti magirediwo ayamba aona kaye mmene akhozere teremu yoyamba, komanso mayeso a boma a Algebra 1 alembe basi. Usiku womwewo ndinamuikira mafunso oyeserera patebulo. Mnyamata wa ma A uja anagwira pensulo mpaka nsima kuzizira, osalemba olo nambala imodzi, kenako misozi dontho dontho papepala, nkumati, "Amayi, ndine mbuli eti?" Mpaka lero mtima umandiwawa. Bambo uja titamufunsa anati mwana wathu ndi waulesi. Waulesi! Ndipo Lamulungu lililonse ali kutsogolo, kupereka moni ngati palibe chinachitika.

Ku FLVS njira zilipo ziwiri, musazisokoneze. Flex mumasankha nokha maphunziro, mumalembetsa nthawi ina iliyonse pachaka, koma dipuloma sapereka ndipo udindo umakhalabe wanu: kalata yodziwitsa ofesi ya maphunziro ya county (dera lanu) kuti mwana mukumuphunzitsira pakhomo, pasanathe masiku 30 mutayamba, kusunga ntchito zonse za mwana, ndi kumuyesetsa chaka ndi chaka. Full Time ndiye sukulu ya boma yeniyeni, kalendala yawo, mayeso a boma, dipuloma pamapeto. Chimene ndimawakondera, mphunzitsi amaimba foni nkumufunsa mwana pakamwa, amati DBA, moti wongodina amagwidwa msanga.

Koma kunena mosabisa, ngati mumagwira mashifiti ausiku ngati ine, za pa intanetizi zisiyeni, kaya za boma kaya za ndani. Wanga panopa amakwera basi yachikasu ya kusukulu m'mawa uliwonse. Mukaumirirabe, pa masamu pokha musamusiye yekha, muzikhala naye pomwepo ngakhale inuyo simukuwamva.