Kukonza mndandanda wa olandira mauthenga: yankho kwa mayi a sitolo ya zaulimi pa Lizulu

Mayi, mwafotokoza kuti muli ndi sitolo ya zipangizo zaulimi pa Lizulu, kuti mayina ndi manambala a makasitomala anu ena ali m'hadikava pomwe ena ali mu Excel, ndipo mukufunsa momwe mungachitire kuti pulogalamu izitumiza yokha ma SMS kwa alimi ndi maimelo kwa masukulu ndi mabungwe amene amagula kwa inu, makamaka powakumbutsa za ngongole ndi powadziwitsa kuti katundu wafika. Anzathu akutchulirani kale mayina a mapulogalamu osiyanasiyana, ndipo sanalakwitse, koma ine ndikupemphani kuti musalipire pulogalamu iliyonse musanakonze mndandanda wanu, chifukwa pulogalamu siidziwa munthu. Imangotenga chimene yapeza pamalo amene mwailozera n'kutumiza. Ndimasunga kaundula wa mamembala a gulu lina la alimi kuno ku Dedza, ndipo zimene ndilembe pano ndi zimene timakumana nazo pa ntchitoyi.

Yambani ndi maonekedwe a tebulo lanu. Kasitomala aliyense akhale ndi mzere wakewake, ndipo kolamu iliyonse ikhale ndi chinthu chimodzi chokha: dzina palokha, mudzi pawokha, nambala ya foni payokha, imelo payokha, ndalama zotsala pazokha. M'hadikava timazolowera kulemba manambala awiri pamalo amodzi n'kuwasiyanitsa ndi kamzere, kapena kuwonjezera mawu akuti "ya amuna awo" pambali pa nambala, koma pulogalamu ikapeza zotere imadumpha mzere wonse kapena imakana fayilo. Mukhalenso ndi kolamu ya dzina loitanira, momwe muzilembamo "Bambo Phiri" kapena "Mayi Banda", chifukwa ndiyo pulogalamu izitenga poyamba uthenga, ndipo munthu wamkulu akalandira uthenga womutchula dzina lake loyamba ngati mwana amaona kuti mwamuchitira mwano. Kolamu imeneyi isakhale ndi malo opanda kanthu, apo ayi ena adzalandira uthenga wongoti "Moni" kenako mpata.

Manambala a foni ndiwo amavuta kwambiri. Nambala za Airtel zimayamba ndi 099 kapena 098, za TNM zimayamba ndi 088 kapena 089, ndipo zonse zimakhala ndi manambala 10 mukawerengera 0 woyambirira uja. Mapulogalamu otumizira mauthenga ambiri nthawi imodzi amafuna kuti muchotse 0 ameneyo n'kuikapo 265, kotero kuti 0999 xxx xxx isanduke 265999xxxxxx, manambala 12 opanda mipata, ngakhale ena amafunanso chizindikiro cha + kutsogolo. Vuto ndi lakuti Excel imaona nambala ya foni ngati ndalama zowerengera, choncho imachotsa 0 yokha popanda kukufunsani, ndipo nambala yaitali imatha kuoneka ngati 2.65999E+11. Mukasunga tebulolo ngati fayilo ya CSV (mtundu wa fayilo yolowetsera mndandanda mu pulogalamu yotumizira) nambala zikuoneka choncho, manambala akumapeto amatayika ndipo simungawabwezeretse. Musanalembe nambala ngakhale imodzi, sankhani kolamu yonseyo n'kuisintha kuti ikhale Text.

Popeza muli pa Lizulu, pomwe kungodutsa msewu wa M1 mwalowa kale mu Mozambique, mosakayika muli ndi makasitomala a tsidya linalo. Nambala zawo zimatsogozedwa ndi 258, osati 265, zilibe 0 koyambirira, ndipo zimakhala manambala 9 oyamba ndi 8: za Vodacom 84 kapena 85, za Movitel 86 kapena 87. Taonani kufanana kwake ndi nambala ya TNM imene Excel yaichotsera 0, yomwenso imatsala manambala 9 oyamba ndi 88 kapena 89. Munthu amene akuthamanga amangoika 265 kutsogolo kwa zonse, ndipo alimi a ku Angonia, tsidya la Mozambique, salandira kanthu. Ikani kolamu ya dziko, ndipo mufunse kampani imene izikutumizirani ma SMS ngati imafikitsa mauthenga ku Mozambique komanso pa mtengo wanji.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muiganizire mofatsa kuposa zonse ndi yakuti nambala imene munthu anakupatsani ndi ya yani. Kumudzi kuno si aliyense amene ali ndi foni yakeyake. Mayi wina amatchula nambala ya amuna ake, wina ya mwana wake amene ali ku Lilongwe, wina ya mnansi, ndipo alimi a m'kalabu imodzi nthawi zambiri amalembetsa onse nambala ya tcheya wawo. Uthenga wonena kuti mbewu ya kabichi kapena mankhwala opopera kachewere afika ulibe vuto ngakhale utafikira mnansi, chifukwa adzangopereka uthengawo. Koma uthenga wonena kuti mayi uje atsala ndi ngongole ya ndalama zakutizakuti ukafikira pa foni ya munthu wina, mwaulula chinsinsi cha kasitomala wanu, mwina mwayambanitsa banja, ndipo munthuyo sadzapondanso pa sitolo panu ngakhale atamaliza kubweza. Choncho ikani kolamu yonena mwini foni, yokhala ndi mayankho awiri okha, "yake" kapena "yobwereka", ndipo muikire pulogalamu lamulo lakuti uthenga wotchula ndalama uzipita kwa okhawo amene foni ndi yawo. Kwa enawo kuzipita uthenga wongopempha kuti adzakuoneni kusitolo, wopanda kutchula chifukwa.

Nkhani yomweyi ili ndi mbali ina. Mapulogalamu ambiri akapeza nambala imodzi yalembedwa kasanu amaganiza kuti ndi munthu mmodzi wobwerezedwa, ndiye amasunga mzere umodzi n'kutaya inayo, mwinanso kusakaniza dzina la uyu ndi ngongole ya uyo. N'chifukwa chake kasitomala aliyense ayenera kukhala ndi nambala yake ya m'kaundula wanu, monga K001, K002, yosadalira foni. Pa mauthenga otsatsa malonda ndi bwino ndithu kuti nambala imodzi ilandire kamodzi, kuti tcheya asalandire uthenga womwewo kasanu inu n'kulipira kasanu, koma pa ngongole chizindikiro cha munthu chikhale nambala ya m'kaundulayo. Kumbukiraninso kuti laini ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina, choncho nambala za m'hadikava ya zaka zapitazo muzitsimikize kaye mwiniwake akabwera kudzagula.

Mndandanda ukakonzeka, musamasankhe olandira ndi dzanja tsiku lililonse, koma muike malamulo oti pulogalamu izitsata. Lamulo la ngongole lingakhale lakuti ndalama zotsala zikhale zoposa 0, tsiku lobweza likhale litatsala masiku atatu, foni ikhale yake, ndipo munthuyo akhale kuti anavomera kulandira mauthenga. Lamulo la katundu watsopano lingadalire kolamu ya mbewu imene munthu amalima, kuti wa tomato ku Tsangano asamavutitsidwe ndi nkhani za chimanga pa nthawi ya dimba. Malamulowa amagwira ntchito pokhapokha ngati mawu alembedwa mofanana paliponse, chifukwa kwa kompyuta "kachewere" ndi "mbatatesi" ndi mbewu ziwiri zosiyana. Madeti nawonso muwalembe poyamba chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2025-04-03, pakuti 03/04 mapulogalamu ena opangidwa ku America amawerenga ngati 4 March pomwe inu mumatanthauza 3 April. Ndipo munthu akalipira, kaya pa kauntala, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, zilembedwe tsiku lomwelo mauthenga asananyamuke, chifukwa kukumbutsa ngongole munthu amene wabweza dzulo kumapweteka mtima kwambiri.

Za chilolezo musazitenge mopepuka. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act la 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, ndipo nambala ya foni ndi dzina la munthu zili m'gulu la zinthu zotetezedwazo. Munthu amene anakupatsani nambala kuti mumuimbire feteleza akafika sanavomere kuti muzimutumizira malonda sabata iliyonse. Mufunseni, mulembe yankho lake ndi tsiku limene anavomera, ndipo amene wanena kuti asiye kulandira musamufufute mu tebulo, koma mulembe "ayi" pa kolamu ya chilolezo, kuti dzina lake lisadzalowenso mwangozi tsiku limene mukukopera hadikava ina. Fayiloyo ikhale ndi pasiwedi, ndipo isamayende pa WhatsApp pakati pa anyamata a m'sitolo.

Pa maimelo sindichulukitsa mawu chifukwa olandira anu ndi ochepa. Musaike maadiresi onse pa To kapena pa Cc, chifukwa aliyense amaona anzake onse. Pulogalamu yotumizira imapatsa aliyense imelo yakeyake. Kusukulu kapena kubungwe, amene amaitanitsa katundu nthawi zambiri si amene amalipira, choncho khalani ndi makolamu awiri, kuti invoyisi izipita kwa wosunga chuma ndipo mitengo yatsopano izipita kwa wogula. Adiresi imene imelo yabwerera muichotse msanga, chifukwa kupitiriza kutumiza ku maadiresi akufa kumachititsa kuti maimelo anu ena azigwera mu Spam, momwe mumatayidwa maimelo osafunika.

SMS imodzi imatenga zilembo 160, kuphatikizapo mipata, ndipo mukapyola pamenepo mumalipira ngati mauthenga awiri. Mukaikamo chilembo cha ŵ kapena kachithunzi ka emoji, malirewo amatsika kufika pa 70, ndiye ngati m'kolamu ya mayina muli ŵ, musinthe kukhala w wamba. Powerengera kutalika kwa uthenga, yesani ndi dzina lalitali kwambiri limene lili mu mndandanda wanu. Dzina la sitolo loonekera ngati wotumiza silipyola zilembo 11, ndipo munthu sangayankhe uthenga wobwera ndi dzina lotere, choncho nambala ya sitolo ikhalemo mu uthenga. Anthu anaberedwapo kwambiri ndi mauthenga onama a ndalama za pafoni, motero auzeni pamaso akabwera kudzagula dzina limene mauthenga anu azibwera nalo, ndi kuti inu simudzawafunsa PIN.

Musanatsegulire onse, pangani kamndandanda koyeserera kokhala ndi anthu a m'nyumba mwanu ndi a m'sitolo okha, momwe muli laini ya Airtel, ya TNM, ina ya ku Mozambique, foni yamabatani, mzere wina wolembedwa "yobwereka" ndi wina wolembedwa "ayi" pa chilolezo. Onani kuti amene amayenera kulandira alandira dzina ndi ndalama zolondola, ndipo makamaka kuti wa "ayi" uja sanalandire kanthu. Zikayenda bwino, yambani ndi makasitomala a mudzi umodzi, muwafunse akabwera pa tsiku la msika ngati uthenga unawapeza, kenako muwonjezere midzi inayo.