Mwana akupempha ndalama ya Frozen Four, ndimutumizire?

Funso: Mwana wanga akuphunzira ku Denver, ku America. Wandiimbira kuti ndimuthandize ndalama akaonere Frozen Four pamodzi ndi anzake. Ati ndi mpira wa pa ayezi. Kodi n'chiyani kwenikweni, ndipo akonzekere bwanji kuti ndalamazo zisangopita m'madzi? Bambo wa ku Chamama, Kasungu.

Yankho: Bambo, mwanayo sakukunamizani. Frozen Four ndi ndime yomaliza ya chikho cha ice hockey cha mayunivesite, chomwe amayendetsa a NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'mayunivesite ku America. Chinayamba mu 1948, ndipo oyamba kuchitenga anali a Michigan. Matimu 16 amapambanitsana kumapeto kwa Malichi mpaka kutsala anayi, omwe amakumana mumzinda umodzi mu Epulo: masemifainolo awiri Lachinayi, fainolo Loweruka. Lachisanu kulibe mpira, amapereka mphoto ya Hobey Baker kwa wosewera wopambana. Musadabwe kuti watengeka mtima, chifukwa University of Denver inatenga chikho chake cha nambala 10 mu 2024 mumzinda wa St. Paul, itagonjetsa Boston College 2-0.

Pomwe ndalama zimatayikira ndi apa. Mzinda umadziwika kale, koma matimu anayiwo amadziwika patangotsala masabata awiri kapena kuchepera, mitengo ya ndege ndi malo ogona itakwera. Choncho asungitse chipinda msanga, koma chokhacho chomwe amalola kuchikana popanda kudula ndalama. Tikiti yamasiku onse imalowetsa masewero atatu. Timu yake ikagwa Lachinayi, atha kugulitsa mpando wa Loweruka, ndipo ndi nthawi yomweyo pamene ochenjera amapeza matikiti a fainolo kwa masapota okhumudwa omwe akulongedza zikwama. Ife tikanati agule kudzera kusukulu yake kapena ku NCAA basi. Matikiti masiku ano amakhala pafoni, ndiye wina akamugulitsa chithunzi cha tikiti panja pa bwalo, akabwezedwa pageti. Foniyo ikhalenso ndi moto. Zikwama zikuluzikulu mabwalo ambiri salola, ndipo zakudya m'kati amalipira ndi khadi.

Kuzizira kusamuopse. Bwalo ndi lam'nyumba, ndipo kuzizira kwake n'konga kwa m'mawa wa Juni kwanu kuno. Juzi, jekete ndi masokosi okhuthala zakwana, makamaka akakhala pafupi ndi ayezi.

Mbali iliyonse kumakhala osewera 6 kuphatikiza goloboyi, atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa kunsi. M'malo mwa mpira amamenya ndi ndodo kamphira kakuda kolimba kotchedwa puck, kotambalala masentimita 7.6, kolemera pafupifupi magalamu 165. Amayamba akaumitsa mufiriji kuti kasamadumphedumphe. Masewero ali ndi zigawo zitatu za mphindi 20, koma wotchi imaima nthawi iliyonse oyimbira akaliza wezulo, ndiye zonse zimatha maola awiri ndi theka. Pakati pa zigawo galimoto yotchedwa Zamboni imapala ayezi n'kuthira madzi kuti asalalenso. Wosewera akalakwa amakakhala m'kachipinda mphindi 2, anzake n'kutsala operewera, ndipo zigoli zambiri zimalowa pamenepo. Akafanana mphamvu palibe mapenate: amaonjeza zigawo mpaka wina amwetse chigoli, pomwepo zatha. N'chifukwa chake asagule tikiti ya basi kapena ndege yonyamuka usiku womwewo.

Mumuuzenso mwambo umodzi. Puck ikamayenda, munthu sadzuka kapena kufunafuna mpando, amadikira wezulo. Amatchinga anzake, komanso kamphirako nthawi zina kamalumpha galasi lozungulira posewerera n'kugwera pa anthu, ndipo amene akuyang'ana foni ndiye kamamupeza.

Funso: Ndingaonere ndili kuno? Mayi a ku Kamwendo, Mchinji.

Yankho: Ku America amaonetsa pa kanema wa ESPN. Vuto ndi nthawi, mayi. Mu Epulo Malawi imakhala patsogolo pa New York ndi maola 6, pa St. Louis ndi maola 7, kotero fainolo yamadzulo kumeneko imakupezani pakati pa usiku, kucha kwa Lamulungu. Fainolo ya 2025 ku St. Louis, pomwe Western Michigan inathibula Boston University 6-2 n'kutenga chikho koyamba, inatha kuno atambala atayandikira kulira. Ngati bandulo ndi yochepa, dikirani zidutswa za zigoli pa YouTube kukacha.