Akufuna kugula pulogalamu yanga ya banki m'khonde, ndimugulitse?

Akulu a zachuma, ndine mnyamata wa zaka 24 wa ku Luchenza. Mayi anga ndi mlembi wa banki m'khonde m'mudzi mwathu, ndipo chaka chilichonse pogawana masheya pamabuka mkangano chifukwa masamu a m'kaundula sagwirizana ndi ndalama za m'bokosi. Ndinapanga pulogalamu ya pafoni yolemba masheya, ngongole, chiwongoladzanja ndi zindapusa. Imagwira ntchito ngakhale popanda bandulo. Magulu 6 akuigwiritsa ntchito ulere. Tsopano bambo wina wa bizinesi ku Limbe akufuna kuigula yonse pa K1,800,000 kuti ikhale yake. Ndalamayo ndikuifuna chifukwa laputopu yanga yatha, koma mtima ukukana. Ndigulitse, kapena ndiyambe kuitsatsa ndekha?

Achimwene, kwanuko mwana aliyense amadziwa kuti kugulitsa tiyi ndi kugulitsa munda wa tiyi ndi nkhani ziwiri. Wotchola amapita ndi masamba pasikelo, pakangopita masiku mitengo yaphukanso. Wogulitsa munda amalandira kamodzi, kenako amangodutsa m'mphepete n'kumalozera anzake kuti apa panali pathu. Bambo wa ku Limbeyo akufuna munda. N'chifukwa chake mtima ukukana.

Koma musathamangire kudzitama. Magulu 6 aulere si msika. Chaulere aliyense amachiyamikira, ngakhale nsima yosapsa. Mudzadziwa mtengo wa pulogalamu yanu tsiku limene msungichuma adzatsegule bokosi lija la maloko atatu n'kutulutsamo ndalama yokupatsani, amayi onse akuona, popanda wong'ung'udza.

Ndiye yesani. Auzeni maguluwo kuti kuyambira mwezi wamawa gulu lililonse lizilipira, tinene K3,000 pamwezi, pa Airtel Money kapena Mpamba. Pachaka ndi K36,000. Kuti mufike pa K1,800,000 ya bambo uja pakufunika magulu 50 olipira chaka chathunthu osaphonya. Magulu 50 alipo, Thyolo ndi Mulanje banki m'khonde zili paliponse. Funso ndi miyendo yanu. Gulu la ku Chonde lifuna muliphunzitse, la ku Bvumbwe lifuna mubwerenso chifukwa mlembi wasintha, la ku Thekerani mukalifika ndi ndalama ya kabaza yoposa imene likulipirani. Zonsezo zichotseni pa K36,000 ija musanayambe kusangalala.

Ndipo pali foni ya usiku. Kwatsala sabata imodzi kuti agawane, mlembi akuimbirani akulira: foni yake yabedwa pamsika, kapena mdzukulu waigwetsera m'ndowa. Muli masheya a amayi 25, ndalama za fetereza ndi fizi ya Januwale. Muwayankha chiyani? Mwanena kuti pulogalamuyo imayenda popanda bandulo. Pamenepo mwaganiza bwino, koma ndi pomweponso pali msampha, chifukwa zonse zili m'foni imodzi. Musanalandire ngakhale K100 ya munthu, konzani njira yoti zolembedwazo zizisungidwanso kwina foni ikangopeza netiweki, ndipo kaundula wa pepala asatayidwe chaka choyamba. Gulu limodzi likataya masamu ake chifukwa cha inu, mbiri idzafika ku Muloza inu musanatsike minibasi pa Chitakale.

Kodi mwadzifunsa kuti bamboyo akugula chiyani kwenikweni? Ngati iye sadziwa kulemba mapulogalamu, akugula inu. Pulogalamu siili ngati njinga yoti ukagulitsa wathana nayo. Android ikasintha imafuna kukonzedwa, gulu lina likapempha kuti muwonjezemo thumba la maliro ndi matenda, wina ayenera kukhala pansi n'kulemba. Ambiri amene amagulitsa mwachangu amadzapezeka akugwira ganyu yosalipidwa, chifukwa papepala analembapo kuti "wogulitsa adzakonza zovuta zonse" popanda kutchula mpaka liti.

Ine ndikanakhala inu sindikanamukana, komanso sindikanamupatsa munda. Ndikanamubwereketsa. Mumupatse chilolezo chogwiritsa ntchito ndi kutsatsa pulogalamuyo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, mwina ku Blantyre ndi Chiradzulu kumene iye ali ndi anthu, inu mutsale ndi Thyolo ndi Mulanje. Alipire ina poyamba, yokwana laputopu, kenako gawo lanu pa gulu lililonse limene walembetsa. Kukonza kukhale ndi mtengo wakewake pamwezi. Source code, zolemba zenizeni zimene zimayendetsa pulogalamuyo, ikhale m'manja mwanu. Mitengo muziiunikanso chaka ndi chaka. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo laputopu ndi katundu wobwera ndi madola.

Zonsezi zilembedwe, ndipo loya aziwerenge musanasaine. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limatetezanso mapulogalamu a kompyuta, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, mungawafunse za kalembera wa ntchito yanu. Pamgwirizanopo yang'anitsitsani mawu okuletsani kudzapanga ina yofanana nayo. Mawu amenewo ndi odula kuposa pulogalamu yeniyeniyo.

Chinthu chimodzi si chanu, ndiye musachiike pamtengo: maina a amayi aja, manambala awo, ndi ngongole zawo. Wobwereketsa ndalama za katapila angalipire bwino kuti adziwe amene ali pampanipani m'mudzi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa pamakina la 2024, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, amene analemba maina amenewo ndi mayi anu.

Za kutsatsa sindichulutsa. Kulembetsa pa Google Play ndi madola 25 kamodzi kokha, ndipo tsamba la Facebook silivuta, koma amayi a banki m'khonde sagula chinthu chifukwa chaonekera pa Facebook. Amagula chifukwa mnzawo wa ku Mvano wawauza kuti chaka chino tinagawana dzuwa lisanalowe, popanda wotukwana. Pitani tsiku logawana, muitanitse alembi a magulu oyandikana adzaonerere. Mabungwe amene amayambitsa magulu otere ndiwo angalipirire magulu ambiri pakamodzi, koma iwo amafuna invoisi, choncho lembetsani dzina la bizinesi ku boma ndipo mutenge nambala ya msonkho ku MRA.

Nanga kugulitsiratu n'kulakwa? Ayi. Ngati miyezi itatu itatha palibe gulu lalipira, kapena mwapeza ntchito yoti simudzakhalanso ndi nthawi ya mafoni a usiku aja, gulitsani, ndalama ilowe yonse kaye source code isanatuluke. Koma ngati magulu anayi mwa 6 aja alipira miyezi itatu motsatizana, K1,800,000 yachepa, ndipo mudzakhala ndi mauthenga a Mpamba omuonetsa pokambirana.

Muimbireni bamboyo sabata ino, mumupemphe miyezi itatu. Akakana kudikira, mufunseni modekha kuti akuthamangira kukaigulitsa kwa ndani.