Kodi Vice-Chancellor ndi wachiwiri kwa yani?

Funso: Bambo, ndine mphunzitsi wa Chinyanja pa sukulu ina ya sekondale ku Katete. Ndinapatsa ana ntchito yolemba mbiri ya malemu Pulofesa Lameck Goma. Pafupifupi onse alemba kuti "anali wachiwiri kwa mkulu wa Yunivesite ya Zambia". Mmodzi yekha walemba kuti "anali pulezidenti wa yunivesite". Ndichonge ziti? Nanga tizinena kuti anasankhidwa, anaikidwa kapena analongedwa?

Yankho: Aphunzitsi, cholembera chofiiracho musachitulutse msanga, pakuti anawo sanapeke okha. Amamva mawu omwewo pa wailesi chaka ndi chaka ikafika nyengo yopereka madigiri. Komabe aphonya, ndipo amene wayandikira ndi uja wa "pulezidenti" amene mukumukayikirayo.

Yunivesite ya boma kuno ku Zambia ili ndi mipando iwiri pamwamba, mwambo umene tinatengera kwa Angerezi. Mpando wa Chancellor ndi waulemu. Mwini wake amavala mkanjo pa tsiku la madigiri, amakhala kutsogolo, amalengeza kuti ophunzirawo alandira zomwe anavutikira, kenako n'kubwerera kwawo. Woyamba kukhala pa mpandowu ku Yunivesite ya Zambia (UNZA) anali Kenneth Kaunda, mu 1966. Kodi munthu wolamulira dziko lonse akanapeza kuti nthawi yowerengera matiresi a m'mahositelo?

Amene amasenza katundu yense ndi Vice-Chancellor, udindo umene a Goma anali nawo. Ndiye wapampando wa Senate, bungwe la aphunzitsi akuluakulu limene limavomereza maphunziro atsopano, zotsatira za mayeso ndi mayina a oyenera kulandira digiri. Ndiye amakayankha mafunso ku Council, bungwe loona za ndalama, katundu ndi kulemba antchito. Registrar (mlembi wamkulu), Bursar (msungichuma), woyang'anira laibulale ndi akulu a zigawo za maphunziro otchedwa ma Dean, onsewa ali pansi pake. Ndalama zochokera ku boma zikachedwa, malipiro n'kudumpha tsiku, aphunzitsi n'kukana kuchonga mayeso, ophunzira n'kukhamukira kumsewu, wosowa tulo ndi iyeyu. Munthu wotere mungamutche wachiwiri?

Chimene chatisokoneza ndi kaliwu aka kakuti vice. Tinakazolowera pa Vice President, amenedi ndi wachiwiri, ndiye tikakaona paliponse timathamangira "wachiwiri". Koma m'Chilatini, kumene kanachokera, kamatanthauza "m'malo mwa". Vice-Chancellor ndiye kuti wogwira ntchito m'malo mwa Chancellor, ndipo popeza mwini mpandoyo amaoneka mwa apo ndi apo, wom'gwirirayo ndiye mwini mudzi weniweni. Nalonso liwu lakuti chancellor mbiri yake n'njoseketsa. Linachokera ku cancelli, kampanda kopingasa kamene kankalekanitsa oweruza ndi anthu wamba m'bwalo la milandu la Aroma, ndipo cancellarius anali wantchito woima pa kampandapo. Mlonda wa pachipata ndiye anakwera mpaka kuvala mkanjo wa golide. Ife a ku Chipata tiyenera kumunyadira.

Vuto la "wachiwiri" limaonekera bwino mukatsika khwerero limodzi, chifukwa Vice-Chancellor alinso ndi wachiwiri wake, Deputy Vice-Chancellor. Ndamvapo wowerenga nkhani wina akulimbana nawo: "wachiwiri kwa wachiwiri kwa mkulu wa yunivesite". Agogo omvera wailesi ku Chadiza angaganize kuti walankhula wachitatu pa mzere, munthu wosafunika kwenikweni, pamene walankhula ndi wachiwiri weniweni pa ntchito za tsiku ndi tsiku.

Chigamulo changa n'chakuti Vice-Chancellor timutche mkulu wa yunivesite. Deputy Vice-Chancellor akhale wachiwiri kwa mkulu wa yunivesite. Chancellor timubwereke mmene alili, tilembe Chansela, ndipo pomutchula koyamba tiwonjezere kuti "amene mpando wake ndi waulemu". Sindikonda kubwereka mawu mwachisawawa, koma pano palibe chochitira, chifukwa m'miyambo yathu mulibe mfumu ya dzina lokha yopanda mlandu woweruza.

Nanga pulezidenti? Mwanayo sananame. Ku America mkulu wa mayunivesite ambiri a boma amatchedwa president, ndipo ntchito yake ndi yomweyi ya Vice-Chancellor wathu. Kumeneko zinthu zimathanso kutembenuka: ku University of California, president amayang'anira nthambi zonse, pamene nthambi iliyonse, monga ya ku Berkeley, ili ndi chancellor wake wogwira ntchito tsiku lililonse. Womasulira nkhani za kunja ayambe wafunsa kuti amene amasayina makalata a ntchito ndani, osangoyang'ana dzina la mpando. Koma kuno mukati "pulezidenti", womvera amaganiza za State House, kapena za mtsogoleri wa bungwe la ophunzira la UNZASU. Liwulo lili kale ndi eni ake.

Mwina mudabwa kuti ndikunena "yunivesite" osati "sukulu ya ukachenjede" monga amanenera abale athu a ku Malawi, kutsidya kwa Mwami. Mawu awo ndi okoma m'kamwa, sindikana. Ine ndimakhulupirira kuti kachenjede anachokera ku "chenjera", kutsogolo n'kuikako ka- wa mwini luso, yemwe timamumva mu katswiri, kadaulo ndi kalembera, ndipo -de wa kumapetoyo ndi mathero akale amene chiyankhulo cha lero chinawataya. Chimene chimandivuta n'chakuti kuchenjera si nzeru. Wochenjera ndi Kalulu. Mukauza munthu ku msika wa Kapata kuti "ameneyo ndi wochenjera", amagwira thumba lake. Tsono "mkulu wa sukulu ya ukachenjede" kwa ine amamveka ngati mkulu wa akathyali. Mwana akalemba choncho musamuchotsere malikisi, n'Chichewa chovomerezeka, koma ine ndikhalabe ndi yunivesite yanga.

Tibwere ku aneni anu atatu aja. Mkulu wa yunivesite savoteredwa. Mpando ukakhala wopanda munthu, ntchito imalengezedwa m'nyuzipepala, komiti yapadera imasefa makalata a ofunsira, imaitana ochepa kudzawafunsa mafunso, n'kupereka mayina kwa oyenera kuvomereza. Wopambana amasayina mgwirizano wa zaka zisanu. Kawirikawiri ofunsira amakhala anthu amene akwera makwerero onse: anayamba ngati lekichala, anafika pa Senior Lecturer, Associate Professor mpaka Pulofesa, ndipo ambiri anayendetsapo dipatimenti kapena chigawo chonse cha maphunziro. "Anasankhidwa" si kulakwa, pakuti ngakhale nyemba timasankha popanda kuponya voti, koma chiyambireni zisankho za zipani zambiri mu 1991 liwuli limanunkha bokosi la mavoti. Ndi bwino kunena kuti anapatsidwa udindo.

"Anaikidwa" ndiye muchenjere naye kwambiri. Mwana akalemba kuti "a Goma anaikidwa mu 1969" n'kulekera pomwepo, wawaika m'manda zaka 35 nthawi isanakwane, popeza anamwalira mu 2004. Kuika popanda kunena pomwe mwaikapo ndi kuika maliro. Alembe kuti "anaikidwa pa udindo" kapena "pa mpando". Kulonga ndi kwa ufumu, kumene kuli mbumba, magazi ndi dzina lolowa. Munthu wa mgwirizano wa zaka zisanu salongedwa. Pa mwambo woveka Chansela mkanjo, wina akati "alongedwa" ndimangomwetulira osamudzudzula, chifukwa mwambowo ulidi ndi kafungo ka ufumu.

Ndime ya anawo ikanayenda motere: "Pulofesa Lameck Goma anabadwira ku Lundazi mu 1930. Anaphunzira za zinyama ndipo anachita kafukufuku pa udzudzu. Mu 1969 anapatsidwa udindo wa mkulu wa Yunivesite ya Zambia, kulowa m'malo mwa Douglas Anglin wa ku Canada, ndipo anali mbadwa yoyamba ya Zambia kukhala pa mpandowu. Anachoka mu 1976, ndipo pambuyo pake anakhala nduna ya maphunziro komanso nduna yoona za maiko akunja." Onani kuti mu 1969 yunivesiteyo inali itangotha zaka zitatu chitsegulidwire. Mawu akuti "wachiwiri" amalanda munthuyu ntchito yonse yoimika sukulu yatsopano pa miyendo yake. Tinyanja ta pa UNZA totchedwa Goma Lakes sitinapatsidwe dzina la wachiwiri wa munthu.

Chitsanzo china chothandiza m'kalasi ndi Dr Jacob Mwanza, amene anakhalapo pa mipando yonse iwiri: poyamba mkulu wa yunivesite, kenako, atayendetsanso Bank of Zambia, Chansela. Mwana wa "wachiwiri" uja adzalemba kuti anakwezedwa pantchito, chonsecho anachoka pa ntchito yotopetsa n'kupita pa mpando waulemu.

Simunafunse za kuchoka pa mpando, koma ndi pamene olemba nkhani amapalamula milandu. Zaka za mgwirizano zikakwana timati nthawi yake yatha. Akachoka yekha nthawi isanakwane, watula pansi udindo. Akachoka chifukwa cha zaka za kubadwa, wapuma pa ntchito. Akamuuza kuti ayambe wakhala kunyumba pamene akufufuza nkhani, waimitsidwa, ndipo mpando ukadali wake. Wachotsedwa ndi uja amene olemba ntchito athetsa mgwirizano wake. Kusokoneza "watha nthawi yake" ndi "wachotsedwa" kungakufikitseni kukhoti. Za "anarizayina" ndi "ali pa akitini" zimene ndimamva m'mabasi a ku Lusaka sindikuzifuna m'kope la mwana. Amene akusunga mpando podikira mwini wake watsopano ndi wogwirizira, ndipo polemba dzina lake liwulo lisasiyidwe, chifukwa wogwirizira angakhalepo miyezi yambiri koma mpandowo osaupata.