Za ulendo wa ana a sukulu ku bwalo la ndege la Chingodzi

Aphunzitsi, mwafunsa bwalo la ndege za nkhondo lakale komwe mungapite ndi ana anu a ku Ulongwe, m'boma la Angónia, kuti mbiri akaione ndi maso. Ine ndikuti bwerani ku Chingodzi, kuno ku Tete. Mukadzera ku Moatize mufikapo musanawoloke Zambezi.

Lero pamatera ndege za anthu wamba, ngati za LAM zochokera ku Maputo, koma nthawi ya Apwitikizi linali la asilikali, ankalitcha Aeródromo Base 7, mwachidule AB7. Chimene chinalikulitsa n'chakuti FRELIMO inayatsa nkhondo m'chigawo chathu chino mu 1968, ndipo mu 1969 ntchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba. Apwitikizi ankaopa kuti damulo ndi misewu yodutsa zipangizo ziukiridwa. Ndiye anaikapo majeti a Fiat G.91 oponya mabomba, mahelikopita a Alouette III onyamula asilikali ndi ovulala, ndiponso tindege ta Dornier 27 totha kutera pa mabwalo afumbi a kutchire.

Musawalonjeze ana zambiri. Chimene akaone ndi msewu watala wothamangapo ndege, wa makilomita pafupifupi 2.5, ndi nyumba yodikiriramo apaulendo. Lembani kalata kwa akuluakulu a bwalolo nthawi ikadalipo, ndipo ana asajambule ndi foni popanda chilolezo, makamaka pamene pali ovala yunifolomu.

Pempho langa lalikulu ndi ili, aphunzitsi: ulendowu usathere pa ndege. Wolokani mtsinje mukafike ku Wiriyamu, makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa mzinda. Pa 16 December 1972 ndege zinaponya mabomba kumeneko, mahelikopita n'kutsitsa makomando a Apwitikizi, ndipo anthu mazanamazana, amayi ndi makanda omwe, anaphedwa m'midzi yawo. Dziko lapansi linamva nkhaniyi mu July 1973 pamene wansembe Adrian Hastings anaiulula mu nyuzipepala ya The Times ku London, ndipo António Costa, yemwe panthawiyo anali nduna yaikulu ya Portugal, anadzapepesa mu 2022. Pali chipilala chokumbukira. Mwana akaona jeti pachithunzi amasirira, n'chibadwa, koma ayenera kudziwanso kuti pansi pa jetiyo panali minda ndi nkhokwe za agogo ake. Mukafika, yambani mwaonekera kwa amfumu, ndipo pemphani kuti mmodzi wa akuluakulu akumeneko alankhule ndi anawo.

Bwerani mu June kapena July. Dzuwa la October la kuno ana ozolowera mphepo ya ku Angónia sangalipirire, ndipo madzi akumwa munyamule ambiri.