Kwa achimwene ofunsa za holo yakale: mumvereni injiniyayo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti komiti yanu ikufuna kukonza holo yakale ya njerwa, yomwe kale ankaonetseramo kanema, kuti muzichitiramo zisudzo, ndiye injiniya wakuuzani kuti musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti ayambe waboola makoma ndi kuwerengera ngati nyumbayo ingapirire chivomerezi. Inu mukuona ngati akungofuna kukudyerani ndalama, poti nyumbayo yakhala chiimire zaka zonsezi. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya zomangamanga, ndipo ndikupemphani kuti mumumvere.

Chivomerezi si nkhani ya kunja kokha. Dziko lathu lili mu Rift Valley, ndipo nyanja yathuyi yakhala mumng'alu wa nthaka womwewo. Akuluakulu a ku Salima akukumbukira cha pa 10 Marichi 1989, a ku Karonga nawo sanaiwale Disembala 2009, pomwe nthaka inagwedezeka mobwerezabwereza anthu n'kumagona panja. Holo yanuyo mwina yaima chifukwa sinakumanepo ndi chachikulu.

Komanso holo ya zisudzo ndi yosiyana ndi nyumba yogonamo. M'nyumba yogonamo zipinda zimachititsa kuti makoma azigwirana. Holo ndi chipinda chimodzi chachikulu, makoma ake ndi atali ndipo pakati palibe chowachirikiza. Kutsogolo kwa siteji khoma lili ndi chibowo chachikulu, ndipo nyumba zakale zambiri denga analingokhazika pamwamba ngati chipewa, osalimangirira ku khoma. Nthaka ikagwedezeka khoma lotere limapendekera kunja, denga n'kutsala lopanda pokhala, pansi pake pali anthu mazanamazana ndi zitseko ziwiri kapena zitatu.

Ndikupatseni chitsanzo cha ku New Zealand. Mumzinda wa Christchurch muli Isaac Theatre Royal, nyumba ya zisudzo ya njerwa yomwe inatsegulidwa mu 1908. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 eni ake analowetsa ndalama pa ntchito yoilimbitsa kuti ipirire chivomerezi, ntchito yomwe wobwera kudzaonera sewero sangaione n'komwe. Pa 22 Febuluwale 2011 chivomerezi chinapha anthu 185 mumzindawo. Ena anafera mumsewu, makoma a kutsogolo kwa nyumba zakale atawagwera, mpaka basi pa Colombo Street inaphwanyidwa ndi njerwa. Isaac Theatre Royal inawonongeka kwambiri koma sinagwe. Ndi chifukwa chake anakwanitsa kupulumutsa khoma lake la kutsogolo, masitepe a mwala wa mabo (marble), ndi siling'i yake yozungulira yojambulidwa zithunzi. Zina zonse anamanganso, n'kuitsegula mu Novembala 2014 atawononga pafupifupi madola a ku New Zealand 40 miliyoni. M'zaka zotsatira chivomerezicho, m'dzikolo nyumba yomwe mphamvu yake sinkafika pa 34 peresenti ya muyezo wa nyumba yatsopano inkalembedwa kuti ndi yoopsa pa chivomerezi. Koma nambala yoteroyo munthu sangaipeze poyang'ana ndi maso. Imachokera m'zoyeza zomwe injiniya wanuyo akunena.

Tsono zoyezazo ndi ziti? Pa khoma la njerwa, chofooka nthawi zambiri si njerwa ayi, ndi matope omwe anamangira. Amisiri akale ambiri ankamangira dothi kapena laimu, pamwamba n'kupaka pulasitala wa simenti, ndiye kunja kumaoneka bwinobwino. Poyeza, amachotsa njerwa imodzi pakhoma, n'kukokolola matope kumutu kwa njerwa yoyandikana nayo kuti ikhale ndi kothawira. M'bowomo amaikamo jeke yaing'ono ndi kupopa mpaka njerwa ija itasuntha. Mphamvu yomwe yaisunthayo ndi yomwe imasonyeza kugwira kwa matopewo. Amachita zimenezi m'malo angapo, m'munsi ndi m'mwamba, chifukwa khoma limodzi lomwelo likhoza kukhala kuti linamangidwa ndi amisiri awiri.

Ine ndinazionapo ndi maso pa holo ina ya tchalitchi. Titakanganula pulasitala, ndinalowetsa kiyi wa galimoto pakati pa njerwa, matope n'kumayoyoka ngati ufa wa mgaiwa. Titakwera kudenga tinapeza mitanda yopakidwa penti yooneka ya bwino, koma nsonga zake zolowa m'khoma zinali zitadyedwa ndi chiswe mpaka chala kulowa. Komiti inali itagula kale malata olemera ndi matailosi. Zinandiwawa kuwauza kuti ayambe aimitsa, koma akanakhoma malatawo pamitanda yoteroyo bwenzi tikunena zina.

Pomwe pali konkire, monga mizati, malintolo kapena khonde la m'mwamba lokhalapo anthu, amaboola ndi makina n'kutulutsa kachidutswa kobulungira ngati chitini, kukakaphwanya ku labotale kuti adziwe mphamvu yake. Pali nyundo ina yotchedwa Schmidt hammer yomwe amangogogoda nayo, ndipo ndi yotchipa. Musalole kuti adalire yokhayo. Konkire yakale imauma khungu, nyundoyo n'kupereka nambala yabwino pomwe m'kati muli mofooka. Pakachidutswa kaja amawazaponso mankhwala a phenolphthalein. Pomwe pasanduka pinki ndiye kuti konkire ikutetezabe zitsulo, pomwe sipanasinthe mtundu ndiye kuti mpweya walowa, ndipo ukafika pachitsulo dzimbiri limayamba. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa n'kung'amba konkire kuchokera m'kati. Palinso kamakina koyendetsa pakhoma kosonyeza pomwe padutsa zitsulo ndi kutalikirana kwake, chifukwa mapulani a nyumba zakale kawirikawiri anasowa kalekale. Maziko nawo amakumba m'mbali mwake maenje awiri kapena atatu kuti aone kuya kwake ndi mtundu wa dothi. Ngati ndi dambo, kugwedezeka kumakula.

Mabowo onsewa amatsekedwa, nyumba siiwonongeka. Ndipo nthawi zina zotsatira zake zimakupulumutsirani ndalama. Mukhoza kupeza kuti makoma ali bwino, chofunika ndi kungomangirira denga ku khoma ndi zitsulo, kuthira ring beam pamwamba, ndi kufupikitsa kapena kuchirikiza kakhoma kokongoletsa kotumphuka pamwamba pa khomo, komwe kamayamba kugwa. Popanda kuyeza, injiniya wosamala amangoganizira zoipitsitsa n'kukulemberani mizati yatsopano ponseponse.

Pokakumana naye, mufunseni kuti ayeza malo angati ndipo awasankha bwanji, zidutswazo akaziphwanyira labotale iti, ndiponso ngati ali wolembetsedwa ku bungwe la mainjiniya. Lipoti akupatseni lolembedwa ndi losainidwa, lokhala ndi zithunzi za bowo lililonse. Ngati denga kapena siling'i ndi ya asibesitosi, anyamata asaiswe ndi nyundo, fumbi lake limawononga mapapo. Mukapeza mpata, jambulani m'mwamba pomwe mitanda yalowa m'khoma ndi ming'alu iliyonse yoyenda mopingasa pafupi ndi siteji, muike muno tione limodzi.